Ndinali patsogolo ndi hatchi, ndinaluza bwanji?

Wowerenga wina wanditumizira imelo yokhala ndi mayendedwe onse a masewera ake a chesi a ku kalabu. Anatenga zoyera, pa ulendo wa 18 anamudyera mnzake hatchi yaulere, koma pa ulendo wa 30 anapatsidwa checkmate, kutanthauza kuti mfumu yake inaopsezedwa ilibe pothawira, masewera n'kutha. Akufunsa kuti zimatheka bwanji kutaya masewera oti wawagwira kale m'manja.

Achimwene, ndawayala pa bolodi masewera anuwo, ndipo andikhudza, chifukwa mpaka pa 18 munasewera bwino zedi. Vuto linayamba mutangodya hatchiyo. Kuchokera pamenepo maso anu onse anali pa zakudya, zomwe mnzanu akukonza simunazionenso.

Taonani pomwe zinathera. Mfumu yanu ili pa g1 (bokosi lililonse pa bolodi limatchulidwa ndi chilembo ndi nambala), kutsogolo kwake ma pawn, asilikali ang'onoang'ono aja, atatu pa f2, g2 ndi h2, onse osasunthapo chiyambire. Mlonda yekhayo wa mzere wakumbuyo anali rook ya pa a1, chida chooneka ngati nsanja chija. Inu munainyamula kukadya pawn ya pa a7. Rook yakuda inangotsika pa e1, pa mzere wakumbuyo womwewo, basi checkmate. Hatchi yanu ili kutali pa b5, mfumu yatsekerezedwa ndi asilikali ake omwe. Mukanakankha pawn ya h2 kupita pa h3 nthawi ina iliyonse mmbuyomo, mfumu ikanapeza pothawira pa h2. Kuyenda kamodzi kokha, ndipo mpata munali nawo wambiri.

Chinandiwawa kwambiri ndi ulendo wa 25, pomwe mnzanu anakupatsani mwayi wosinthana ma rook inu n'kukana. Munthu ukakhala patsogolo, sinthanitsa zida zikuluzikulu. Rook yake ikanachoka, akanatsala wopanda choopsezera, ndipo hatchi yanu ikanatola ma pawn ake mmodzimmodzi. Koma ma pawn anu asungeni. Mfumu ndi hatchi zokha sizingapereke checkmate, ngakhale mahatchi awiri sangakakamize mfumu yotsala yokha. Amene amakupambanitsani ndi pawn imene ikafike kumapeto n'kusanduka mfumukazi.

Ine chizolowezi chomwe chinandithandiza n'chakuti, dzanja lisanapite pa bolodi, ndimadzifunsa kuti ndikayenda apa, iyeyu ali ndi check yanji yoopsezera mfumu yanga, nanga angadye chiyani? Ndimafunsa dzanja lili pamwendo, poti lamulo limati chimene wakhudza n'chomwecho uyendetse. Pa ulendo wa 30 funso limeneli likanakuonetsani e1 msangamsanga. Mwalemba kuti pa wotchi munali ndi mphindi 40 zotsala. Sabata ikubwerayi muzigwiritse ntchito, ndipo munditumizirenso masewerawo.