Za vinyo ndi zakudya ku Franschhoek

Achimwene, mwafunsa ngati ku Franschhoek nkongomwa vinyo basi kapena kulinso zakudya. Zilipo zambiri! Ndi kachigwa kozunguliridwa ndi mapiri, ola limodzi pagalimoto kuchoka ku Cape Town, ma Huguenot, Akhristu achipulotesitanti othawa ku France, anafikako mu 1688 nkuyamba kulima mphesa. Amathyola February mpaka March dzuwa likuswa mtengo, nde vinyo wofiira uja amamusiya asase limodzi ndi makoko kuti atenge mtundu, kenako amakhala mmigolo ya matabwa a oak miyezi yambirimbiri. Kwa ine vinyo woyera wa Semillon wozizira ndi nsomba ya snoek yowotcha pa braai palibe chomposa, wofiira mumwere biltong (nyama youmitsa) kapena bobotie (nyama yogaya yazokometsera yophika mu uvuni). Koma malesitilanti a mumsewu waukulu ndi odula kwabasi, konzani thumba musanyamuke.