Yambani ndi mawilo, achimwene, thupi lidzabwera pambuyo

Achimwene, ndaona funso lanu lija lakuti mwamanga mutu wa sitima ya malasha ndi tinjerwa ta Lego ta mwana wanu, pashelefu ikuoneka bwino koma ikangofika pokhota yagwa, ndiye mukufunsanso kuti m'lifupi mwake muyike ma stud (timitu tozungulira ta pamwamba pa tinjerwa tija) angati. Ndaseka ndekha muno m'chipinda, chifukwa yanga yoyamba inkagwa chimodzimodzi mpaka mayi akunyumba anaitcha minibasi ya ku Bangwe.

Vuto silili pathupi, lili pansi. Ambirife timayamba ndi chithupsa (thanki yowiritsira madzi ija) ndi chumuni chifukwa ndi zomwe maso amakonda, mawilo n'kuwakankhira mmenemo pomaliza. Njanji yokhota ya Lego ndi yothina kwambiri. Zidutswa 16 zimapanga bwalo lathunthu, ndipo kuchokera pakati pa bwalolo kufika panjanji ndi ma stud 40 okha, ngati masentimita 32. Mukalumikiza mawilo akuluakulu anayi mbali iliyonse pachimango chouma, onse okhala ndi mlomo wogwira njanji uja, sangapindike. Amangokwera pamwamba pa njanji basi. Mankhwala ake ndi akuti ena mwa mawilowo akhale opanda mlomo, aja amati blind driver, kuti pokhota azingotsetsereka. Timawilo takutsogolo tiikeni pakabogi, kachimango kakang'ono kakekake kotha kugwedezeka kumanja ndi kumanzere. China chomwe ambiri amaphonya: zitsulo zolumikiza mawilo za mbali imodzi zitsogole za mbali inayo ndi kota ya bwalo, madigiri 90, monga zilili pa sitima yeniyeni. Mukazifananitsa zimakakamira.

Mangani chimango chokhachokha, chopanda kanthu pamwamba, muchikankhe ndi chala kuzungulira bwalo, kutsogolo ndi kumbuyo. Chikadutsa osadumpha, pamenepo ndiye kongoletsani.

Za kukula tsopano. Stud imodzi ndi mamilimita 8. Masitima a m'bokosi amakhala ma stud 6 m'lifupi, koma kwa ine mutu wa malasha wa 6 umaoneka ngati wadwala. Ine ndimamanga 8, omwe ndi mamilimita 64. Mutu weniweni waukulu wa kuno ku South Africa umakhala pafupifupi mamita 3 m'lifupi, ndiye mwauchepetsa ka 48 kapena pamenepo. Mwamwayi, mawilo akuluakulu a Class 15F, sitima ya malasha ya kuno ija ya 4-8-2 (timawilo 4 kutsogolo, akuluakulu 8, ena 2 kumbuyo) yomwe anapanga zokwana 255, ndi mamilimita 1,524. Mukagawa ndi 48 mupeza 32, ndipo wilo lalikulu la sitima la Lego lili pafupifupi 30. Zikugwirizana bwino.

Pomwe muyenera kutseka diso limodzi ndi panjanji. Njanji zambiri za kuno, ngati zakwathu ku Limbe ndi ku Nkaya, ndi zopapatiza, mamilimita 1,067, pomwe ya Gautrain, sitima yothamanga ya pakati pa Johannesburg ndi Pretoria, ndi 1,435. Ya Lego ili pafupifupi 37.5, ndiye pa sikelo yathu ija yatambasuka kuposa muyeso. Mukati mutsate njanji ndendende, mutuwo ufika ma stud 13 m'lifupi, ndipo tinjerwa take mudzagulitsa firiji. Musavutike nazo.

Mukadzazolowera, yesani mutu wa mtundu wa Garratt, ngati uja wotchedwa GMAM. Ili ndi mainjini awiri, chithupsa chili lende pakati, ndipo anaipanga dala kuti izitha njanji zokhotakhota. Ngakhale ndi yayitali, pa Lego imamvera kuposa momwe imaonekera.

Mota ndi batire musazipanikize m'chithupsa. Ziikeni m'ngolo ya malasha yakumbuyo ija, izikankha mutuwo, palibe angadziwe. Zipangizo zoyendetsera za Lego zotchedwa Powered Up, zomwe zinabwera mu 2018, zimadya mabatire 6 a AAA, gulani otchaja, magetsi akathima inu muzingoyendetsa sitima mumdima.

Musanagule kanthu, tsitsani pulogalamu yaulere ya Studio ya BrickLink, mumange pakompyuta, ikuwerengerani zidutswa zonse. Kenako fufuzani zakale pa Facebook Marketplace, chifukwa makolo ambiri kuno ku Johannesburg amagulitsa zosakaniza m'matumba ana akakula. Zakuda zichuluke. Mawilo okha ndiwo mungafunike kuitanitsa.

Tajambulani yanuyo chagada mutumize pagulu pano, ndione mmene mwakhazikira mawilo. Ndipo mwanayo mumubwezereko tinjerwa tina, ndi take paja.