Mukapite Ogasiti, osati pa Khirisimasi

Eee, amake Tadala, uthenga wako wa pagulu lathu la pafonili ndaumva mwanawe. Kulemba ine ayi, maso awa ndi tizilembo ta pafoni sizigwirizana, ndiye ndingoyankhula, umvetsere. Ukuti mukufuna kupita ndi ana kumudzi kwa agogo ku Nkhotakota pa holide ya Khirisimasi, ndiye ukufunsa kayendedwe kuchokera ku Lilongwe ndi zoti munyamule, popeza bambo a Tadala sanapondeko chikwatirane. Ndiyambe ndi za Khirisimasizo, chifukwa mpamene sindikugwirizana nawe.

Disembala kumudzi si mwezi wa alendo. Mvula ikangogwa, aliyense amalawirira kumunda kusanache. Uyu akubzala chimanga, uyu akuthira feteleza, wina ali kudambo kukonza za mpunga matope ali m'maondo. Mukafika masana mupeza zitseko zotseka, pakhomo pali agogo okha ndi nkhuku. Ndiye chachikulu ndi nkhokwe. Chimanga chimene anakolola mu Meyi chimakhala chafika pansi, ena ayamba kale kugula cha pamsika chodula chija, ena ayamba maganyu. Munthu wakwathu sangakuuze kuti ufa watha, amachita manyazi. Akupherani nkhuku, akuphikirani mpunga umene amasunga kuti ukhale mbewu, akusekererani bwinobwino, koma mukangotembenuka iwo atsala ndi Januwale ndi Febuluwale wopanda kanthu. Onjezapo udzudzu. Kunyanja nthawi ya dzinja malungo sachita masewera, ndipo ana ako ndi a m'tauni, thupi lawo silinazolowere. Onjezapo msewu. Mitsinje yotsika kumapiri a Dowa ndi Ntchisi ikadzaza imadula njira, munaona nonse pa foni zija madzi anachita ku Dwangwa mu 2024. Chimene mungakondwe nacho Disembala ndi mango, ngumbi ndi bowa, izo sindikana. Koma walira mvula walira matope. Mango ndikhoza kukutumizirani pa minibasi.

Dikirani sukulu zitsekere kumapeto kwa Julayi, mupite Ogasiti. Nthawi imeneyo mpunga anamweta kale, anapuntha, uli m'matumba. Mtedza uli pakhonde, madzulo anthu akusenda uku akucheza, ndipo ana ako akhala nawo pomwepo manja ali mu lichero. Kumadimba kuli tomato, mpiru ndi chimanga chachiwisi. Anthu ali ndi nthawi yokhala nanu pansi. Kutentha kuja kwa Okutobala sikunayambe, usiku kumachita kamphepo, ndiye tijuzi ta ana musasiye. Choipa chake chimodzi ndi mwera. Mphepo imeneyi ikamaomba kuchokera kummwera nyanja imakalipa, asodzi salowa, usipa umasowa mwinanso kukwera mtengo. Ikaleka masiku awiri atatu nsomba zimabweranso.

Tsopano kayendedwe. Dzukani m'mamawa, pofika 6 koloko mukhale muli kudepoti. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100, msewu wa M14. Muli ndi ana, kwerani minibasi kapena basi yaikulu, zija za ma Sienta zothithikana anthu anayi mpando umodzi ayi. Mukafika pa Chezi gulani tomato, anyezi ndi kabichi, pamenepo ndi potchipa kusiyana ndi kuno ku Salima. Kuchoka apo msewu umayamba kutsetsereka ndi kukhotakhota, makutu amatseka, Tadala ngati amasanza m'galimoto muikeni pawindo ndipo jumbo ikhale pafupi. Musanalowe m'tauni ya Salima pali pa Kaphatenga, mpamene msewu wa M5 umapatukira kumanzere kulowera ku Nkhotakota. Ena amatsika pomwepo kudikira galimoto. Inu musatero, chifukwa zambiri zimafika zitadzaza kale. Lowani m'tauni, mundipeze kumsika, mumwe tiyi, ndikukwezeni yoyambira pompano kuti mukhale pabwino. Za mtengo wokwerera usandifunse lero, umasintha ndi mafuta, ndidzakuuza sabata yonyamukirayo.

Mukadutsa pa Khombedza mudziwe kuti mukuyandikira malire a Salima ndi Nkhotakota, kondakitala mumuuziretu kuti mutsika pa Benga. Malo ena msewuwo ndi wokumbika, galimoto imayenda mozemba maenje, ndiye musawerengere nthawi ngati ya tala wosalala. Pa Benga mupeza anyamata a kabaza, njinga zamoto ndi zakapalasa. Gwirizanani mtengo musanakwere, katundu payekha munthu payekha, ndipo wanjinga yamoto mumuuze kuti wanyamula mwana, asathamange. Njira yolowera kumudzi ili ndi mchenga, njinga imaterereka. Ndalama tapani ku Salima konkuno, zikhale zosinthasintha. Ma ejenti a Airtel Money ndi Mpamba pa Benga alipo, koma kungowauza ndalama yochulukirapo amati float yatha.

Aa, yadukatu. Ndipitirize.

Zonyamula. Shuga, mchere, sopo wochapira wamtanda, mafuta ophikira, masamba a tiyi, machesi, buledi. Buledi usamuone wamba, kwa ana akumudzi ndi phwando. Agogo uwagulire chitenje, osati cha nayiloni choterera chija, chenicheni cholimba, ndi kanyali ka sola ngati thumba likulola. Zovala za ana ako zimene zinawachepera uchape, upinde, ubwere nazo. Koma tamvera apa. Katundu yenseyo usagawe wekha pabwalo. Umupereke kwa amayi ako aakulu m'nyumba, iwo ndi amene akudziwa kuti khomo liti lilandire chiyani. Ukangoyamba kuitana uyu ndi uyu, wina mmodzi yekha ukamuiwala, nkhani yake idzafika mpaka pamaliro a munthu. Ndalama chimodzimodzi, mwakachetechete, m'manja, popanda kamera.

Za inu eni: maneti awiri, tochi, power bank, mankhwala a mutu ndi a m'mimba, nsapato zotseka za ana chifukwa cha minga. Magetsi kulibe. Foni amakatchajitsa pa Benga kapena kwa mnyamata wina wometa amene ali ndi sola. Netiweki imagwira ukakwera pachulu cha kuseri kwa khola, m'nyumba iwalako. Madzi akumwa ndi a pamjigo, ndi abwino, koma a ana muziwiritsa kapena kuthira WaterGuard. Chimbudzi ndi chokumba, wamng'onoyo osamusiya yekha, ndipo usiku muziyamba mwawalitsa tochi pansi.

Pofika pakhomo. Mukuti odi, akulandirani katundu, akuyalirani mphasa. Musayambe kupereka moni muli chiimire. Khalani pansi kaye, eni khomo ndi amene amabwera mmodzimmodzi kudzakulonjerani, ndipo aliyense mumuyankhe payekha ngakhale akhale anthu khumi ndi awiri, onse funso limodzimodzi. Iwe uvale chitenje usanatsike pa Benga, thalauzi lako likhale mkati. Kwa agogo ugwade. Ana uwaphunzitsiretu kulandira chinthu ndi manja awiri, ndipo zija zomati hi kwa akuluakulu zitsale ku Area 25.

Bambo a Tadala, ngati mukumva nawo, pepani ndikulankhulani pagulu. Kwathu ndi kwa Achewa, inu mukafika ndinu mkamwini. Akupatsani mpando, ena onse ali pamphasa, musakane. Chakudya mudya ndi amuna anzanu, apongozi anu sadya nanu mbale imodzi, ndipo mukaona akukupatukirani m'njira kapena akulankhula nanu atayang'ana kumbali, si chidani, ndi ulemu umenewo. Nkhuku akakupherani, nthutumba ipezeka m'mbale yanu. Ndi yanu, idyani, musampatse mwana pamaso pa anthu. M'mawa mwake amalume akutengani kukaonekera kwa amfumu. Kapaketi ka shuga kapena kandalama pang'ono m'manja, basi, kuti mudzi udziwe kuti muli alendo a ndani. Ndipo mukamva kuti kwagwa maliro m'mudzi, zonse zimene munakonza tsikulo zaima, mupite mukakhale nawo ngakhale malemuwo simukuwadziwa. Mukapeza amuna akuumba njerwa kapena kufolera denga, gwirani nawo pang'ono. Mkamwini wongokhala ndi foni pamthunzi amakambidwa.

Tsopano kondoole, nsima ya chinangwa ija, poti ana ako sanamulawe. Kumeneko chinangwa ndiye nkhokwe yeniyeni, chimanga chikakanika anthu amapulumukira chomwecho. Chimene amapangira ufa ndi chowawa chija, ndipo chili ndi poizoni, mwana asazule n'kudya chachiwisi. Amachikumba, kusenda, n'kuchiviika m'madzi masiku atatu kapena anayi mpaka chifewe, ululu uja utuluke. Kafungo kamene mudzamve kuseri kwa nyumba ndi kameneko, musakwinye mphuno. Akachivuula amachifinya, kuchiyanika pathandala mpaka chiume gwa, kenako mumtondo, kusefa, ufa woyera mbee. Kuphika kwake mpamene pali ntchito. Saphika phala kaye monga nsima ya chimanga. Madzi akawira amaphula mphika, kuuika pansi, kuupana ndi mapazi, n'kuthira ufa uku akuvundula ndi mphamvu zonse, mthiko kuchita kulira. Umuone mayi wako wamkulu akamavundula, thukuta kamukamu, mphindi zochepa watha. Amatamuka ngati chingamu, ndiye mbamu izikhala yaing'ono, uviike mu msuzi wa usipa kapena kampango, osalimbana n'kutafuna, kungomeza. Ndi chigwada chotendera, masamba a chinangwa chomwecho osinja, ndiye usaseke. Ana uwapatse pang'ono tsiku loyamba, amalemera m'mimba. Akakana, mpunga ulipo, Kilombero wonunkhira uja amene ukamaphikidwa khomo lachitatu limadziwa. Ine ndimagulitsa mpunga, ndikukuuza, wa m'mashopu mwanuwo wambiri ndi wosakaniza.

Za madzi ndinenetse, ndipo achimwene muli pagulu pano mundithandize kuwauza. Ana asasambe m'dambo, m'mitsinje kapena m'mabango a m'mbali mwa nyanja. Muli likodzo, ndipo muli ng'ona. Ana akumudzi adzawakopa, iwo amadziwa pamene pali posaya, ako sadziwa. Akafuna nyanja apite ndi wamkulu, pamchenga poyera, masana. Mwana akatentha thupi, kaya muli konko kaya mwabwerera ku Lilongwe, musati ndi kutopa ndi ulendo, kukayezetsa malungo tsiku lomwelo.

Ogasiti ndi nthawinso ya gule. Mukamva ng'oma usiku kapena mukakumana ndi chilombo m'njira, patukani, khalani pansi kapena gwadani, ponyani kandalama pansi, chidutsa. Osachithamangitsa, osachiloza chala, osatulutsa foni mpaka eni ake atalola. Pabwalo masana mukhoza kuonerera bwinobwino, ana akasangalala, ndi gule yemweyo a UNESCO anamulemekeza mu 2005. Kumanda nako sikolowa mwachisawawa. Ndikudziwa ukufuna kukaona pamene anagona agogo ako aamuna, koma upemphe kudzera kwa amalume, iwo akanene kwa amfumu, akupatseni munthu wokuperekezani. Kumsitu kumeneko kuli eni ake. Chinanso, cha kunyanja ndi kuboma kuli Asilamu ambiri, abale athu ena ndi omwewo, ndiye soseji za nkhumba zanu zija musanyamule.

Mukakhala masiku anayi kapena asanu, tsiku limodzi mutenge ana mupite kuboma. Panjira mudutsa pa mlatho wa Chia, pamene thamanda la Chia limakumana ndi nyanja, nsomba zaziwisi amagulitsa pamsewu pomwepo, gulani pobwerera kuti zisaonongeke. Kuboma mukawaonetse mkuyu uli pafupi ndi chipatala cha St Anne's, umene amati David Livingstone anakhala pansi pake pokambirana ndi Jumbe za malonda a akapolo. Livingstone anafika kumeneko koyamba mu 1861, nthawi imene anthu amawolotsedwa nyanja pa zombo kupita nawo ku Kilwa. Tadala zimenezi akuphunzira kusukulu, akaone ndi maso. Akuluakulu amati ngakhale ulimi wa mpungawu unakula ndi ma Jumbe omwewo. Ndi ku Nkhotakota komweko kumene chipani cha Congress chinachitira msonkhano wake waukulu ndi Kamuzu mu 1960, agogo ukawafunsa akuimbira ndi nyimbo zake. Ndalama zikatsalako kuli nkhalango ya nyama ya Nkhotakota ija, imene a bungwe la African Parks anayamba kuyendetsa mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 anabweretsamo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Kumafunika galimoto, ndipo mutenge ziphaso za unzika chifukwa Mmalawi amalipira zochepa. Kuli kashembe woluma uja, muvale zamanja aatali.

Ukatsimikiza tsiku, uimbire amalume kutatsala masabata awiri, osati kungotulukira. Afunika kuviika chinangwa, kuzira m'nyumba imene mugonemo ndi kukonza bafa, udzu wake unagwa. Ndipo mubwere ndi matumba awiri opanda kanthu. Pochoka khomo lililonse likupatsani kanthu, uyu mpunga, uyu mtedza, uyu ufa wa kondoole, agogo nkhuku yamoyo yomanga miyendo. Osakana, ngakhale uone kuti iwo ndi osowa kuposa iwe, kukana ndi kunyoza. Ungosungako ndalama yapadera ya katundu, chifukwa kondakitala wa pa Benga thumba lililonse amaliwerengera.