Za London ndi amayi: kabaza wa nyali zothwanima uja musamukwere

Achemwali, poti mwati mukubwera ku London ndi amayi anu, muli ndi masiku anayi okha ndipo mukufuna kudziwa malo oti mukaone, ndiyambe ndi chomwe chikundiwawabe mpaka lero, za malo ndinena pambuyo. Makabaza a matayala atatu aja, a nyali zothwanima ndi ubweya wapinki pampando, nyimbo zili pokopoko, amene amaima ku Leicester Square, Piccadilly Circus, Oxford Street ndi kumlatho wa Westminster, musawayandikire olo akusekerereni bwanji.

Ine zinandionekera mu Novembala 2022. Amayi anga anabwera kudzaona mdzukulu wawo, ndiye ndinati tiwaonetseko tauni. Ine ndimakhala kunja kwa London, ndinali nditapondako kawiri basi, choncho ndinadalira msuweni wanga wina amene pa WhatsApp ya banja amadzichemerera kuti London amaidziwa ngati kuchipinda kwake. Tinalunjika ku Trafalgar Square chifukwa mu Seputembala chaka chomwecho anali ataimikapo chiboliboli cha John Chilembwe, chosema Mmalawi mnzathu Samson Kambalu. Chilembwe ali chilili, wamtali, chipewa kumutu, pambali pake mmishonale John Chorley atamusema wamng'ono. Amayi anachiyang'ana nthawi yaitali osayankhula, kenako anapisa m'chikwama n'kutulutsa K2,000 yomwe inawatsalira pochoka kumudzi, n'kumafananitsa nkhope. Mpaka pamenepo tsiku linali la bwino zedi. Inu simuchipeza, anachichotsa mu 2024, pamalo pamenepo amasinthasintha.

Kunoko mu Novembala hafu pasiti folo kumakhala kwada kale. Kamvula kawazawaza kanayamba, amayi maondo anayamba kuwavuta, njala nayo. Msuweni uja akuti tikadye ku Chinatown, koma ndi patali, amayi sangafike wapansi. Anakodola kabaza. Ndinafunsa mtengo, mnyamatayo anangotambasula zala zisanu n'kuti faivi. Ndinati aa, mapaundi asanu kwa anthu atatu, si zodula. Tinakwera, anatifunditsa kabulangete pamiyendo, amayi akuseka kuti kabaza wa kuno ali ndi denga ngati bafa. Anatizungulitsa, kukhota uku, kukhota uko, kuima pa maloboti, nyimbo zili m'makutu. Titafika pachipata chofiira cha Chinatown anatulutsa kamakina kolipirira pa khadi n'kundilozetsa. Ndinayang'ana. £180.

Ndinayesa kuti mwina kadontho sikakuoneka, ndi 18. Ayi ndithu. Akuti faivi ija ndi ya pa mphindi imodzi, munthu mmodzi, ndipo tayenda mphindi 12, anthu atatu. Anatembenuza kapepala kena komwe kanali kuseri kwa mpando, malo oti wokwera sangaone, palidi polemba choncho timalemba ta nyerere. Ine thukuta kamukamu pakati pa chisanu chonse chija. Ndinakana. Anayamba kukweza mawu, anzake awiri anabwera ndi makabaza awo n'kutitchingira njira, anthu odutsa akungotiyang'ana n'kumapita. Amayi Chingerezi amamva pang'ono, anangondigwira mkono n'kumafunsa kuti mwana wanga talakwa chiyani, kodi atimanga? Mawu amenewo ndi omwe amandipweteka, osati ndalama. Mayi woti wakwera ndege koyamba m'moyo, ali njenjenje pamsewu wa eni, chifukwa cha mbava ya pa njinga.

Nanga msuweni wodziwa London uja? Anali atasuntha pang'ono, foni kukhutu, akunamizira kuti wina wamuimbira. Foni yake ndinaiona ndi maso angawa, inali yozima. Munthu wamkulu ndi ndevu zake! Ndinalimbana nawo ndekha mpaka tinagwirizana £100, ndinagunditsa khadi manja akunjenjemera. Ndipo chomwe chinandimaliza, pobwerera tinayenda wapansi kuchoka ku Chinatown kukafika pa Trafalgar Square pomwe paja, ndi amayi a maondo awo omwewo, sitinathe ngakhale mphindi khumi. Ndiye patali pake pamenepo. Kufikira lero sanapepese, ndalama sanabwezeko ngakhale theka, koma pa gulu la banja anatumiza zithunzi tili pa kabaza, iye akumwetulira, n'kulemba kuti ndawayendetsa azakhali. Ngati akuwerenga pano adzidziwa yekha.

Mkwiyo uli m'khosi choncho tinangolowa malo odyera oyamba omwe tinaona chakufupi ndi Leicester Square, aja okhala ndi zithunzi za chakudya pakhomo ndi munthu woitanira. Kulakwa kwachiwiri. Nkhuku youma gwaa, tchipisi chozizira, madzi anatibweretsera a m'botolo lagalasi osatifunsa, ndipo pansi pa bilu anawonjezera 12.5% ya service charge. Amayi anafunsa kuti zonse pamodzi ndi kabaza zakwana zingati m'makwacha. Ndinawanamiza, ndinatchula theka. Theka lomwelo anaika foloko pansi n'kuti imeneyo ndi feteleza wa munda wonse wa kuseri kwa nyumba. Sanadyenso.

Tsiku linakonza zonse ndi lotsatira lake, tili awiri basi. Tinakwera Tube, sitima ya pansi pa nthaka, ya Victoria line mpaka kumapeto, ku Brixton. Mukangotuluka pa siteshoni mukhotere ku Electric Avenue. Amayi anasanduka munthu wina. Anaima pa nsomba, kutsegula makha a tilapia ndi chala kuti aone ngati ndi yatsopano, akuti si chambo koma ndi mbale wake. Therere lobala, mbatata, chinangwa, nthochi zophika, nsomba zouma, matumbo ndi mapazi a ng'ombe, ufa woyera wa ku South Africa m'timasitolo ta Aafirika, zonse zilipo. Anayamba kunenerera mtengo m'Chichewa kwa bambo wa ku Jamaica, ndipo chodabwitsa anawawonjezera tomato awiri a basera. Tinadya m'kati mwa Brixton Village, nkhuku ya jerk ndi mpunga wa nyemba, mbale yodzadza mpaka ina tinanyamula. Muwachenjeze za tsabola, amaposa kambuzi. Ku Peckham pa Rye Lane n'chimodzimodzi koma kumeneko ndi kwa anzathu a ku Nigeria, jollof ndi suya, yomwe ndi kanyenya wathu yemweyu wothira tsabola wa nsinjiro. Ngati komwe mukafikire kuli khitchini, gulani ufa ndi ndiwo tsiku loyamba, chifukwa mayi wachimalawi akagona masiku awiri osadya nsima amati sanadye chilichonse chibwerereni.

Borough Market pafupi ndi London Bridge anthu akuuzani, n'kwabwinodi, koma Loweruka kumadzadza moti simungayende ndi munthu wamkulu, pokhala paliponse palibe. Masana mukatopa musachite manyazi kulowa mu Tesco kapena Sainsbury's n'kugula meal deal, sangweji, chakumwa ndi kachiwamba, n'kukadyera pa benchi ku St James's Park mukuyang'ana abakha. Eni dziko amatero. M'malo odyera muziti tap water, ndi aulere.

Zoona zambiri zabwino sizilipiritsa. British Museum ndi ulere, National Gallery pa Trafalgar Square pomwepo ndi ulere, Natural History Museum ku South Kensington ndi ulere, ndipo kumeneko amayi anu akaona mafupa a namgumi atapachikidwa kudenga mukandiuze zomwe anene. Buckingham Palace kunja pa mpanda simulipira, koma onani kaye pa intaneti tsiku losinthana asilikali chifukwa si tsiku lililonse. Big Ben ndi nyumba ya malamulo mumazionera panja. Pa mlatho wa Westminster pamakhala anyamata osewera timakapu titatu ndi kampira, njuga ya wachiona ndani ija, omwe akuoneka ngati akuwina ndi anzawo, pitirirani. Mu Westminster Abbey muli manda a David Livingstone, anamuika mu 1874 antchito ake Susi ndi Chuma atanyamula mtembo wake kuchoka kwa Chitambo ku Zambia mpaka kugombe la nyanja, mtima wake unatsala komweko. Kulowa ngati mlendo n'kodula, koma mapemphero a madzulo salipiritsa, ndipo amayi a Mvano kwaya imeneyo sadzaiiwala. Mlatho wokongola wa pa zithunzi uja ndi Tower Bridge, osati London Bridge, musasokere ngati ine.

Mabasi salandira ndalama ya pamanja chiyambire 2014. Aliyense akhale ndi khadi yakeyake, Oyster kapena ya ku banki yongogunditsa, simungagunditse imodzi anthu awiri. Gwiritsani khadi yomweyo tsiku lonse chifukwa ikafika pa mlingo wa tsikulo imasiya kudula. Basi nambala 15 kuchoka cha ku Trafalgar Square imadutsa pa St Paul's mpaka ku Tower of London, khalani m'mwamba kutsogolo, mwaona theka la tauni pa mtengo wa basi. Pa masitepe oyenda okha a Tube imani kumanja, apo ayi akutsonyani. Foni musamaigwire poyera m'mbali mwa msewu ku Oxford Street, a njinga zamagetsi amatsomphola ngati mphamba.

Koma musamve ngati ndati West End, dera la Leicester Square ndi Piccadilly Circus lija, musapiteko. Pitani, ndipo pitani usiku, makamaka ngati mukubwera cha ku Khirisimasi nyali za Regent Street zitayaka, amayi anu ayenera kuziona. Chinatown nakonso chakudya chilipo chabwino, lowani m'kati mwa Gerrard Street momwe mukuona Matchaina eni ake akudya, osati moitanira. Ndipo zoona zake amayi anga mpaka lero akamasimba za ku Mangalande kwa anzawo a kutchalitchi amayamba ndi kabaza uja, osati Chilembwe, akuti anakhala ngati mkwatibwi. Ndiye anu maondo akavutadi, kaya, kwerani, koma mtengo wonse wa anthu nonse mpaka kofika aulembe pa foni muuone musanaponde. Mu 2024 kunabwera lamulo loti makabazawa aziyang'aniridwa, ine sindiwakhulupirirabe. Ndipo musadalire Amalawi odzitcha eni London, Google Maps ndi Citymapper, zolozera njira pa foni, sizithawa bilu ikabwera. Mundilembere ku inbox masiku anu enieni, Loweruka ndikapanda shifiti ndikuperekezani ku Brixton ndekha, ndili ndi ufa woti ndikagule.