Ndili ndi hepatitis B ndipo ndimangokhala wotopa, ndipange mafizo kapena ndizingogona?

FUNSO: Alangizi, ndili ndi zaka 38, anandipeza ndi matenda a chiwindi a hepatitis B zaka ziwiri zapitazo ndipo mankhwala a tenofovir ndikumwa osadumphitsa koma kutopa kwake eeh, ndimadzuka mmawa thupi lili lende ngati sindinagone. Amuna anga akuti ndizingopuma, anesi akuti ndizipanga mafizo. Sabata yatha ndinathamanga mphindi 40 ndiye ndinagona masiku awiri. Ndimvere ndani? Mayi wa ana awiri

YANKHO: Mayi, mverani anesiwo, bambowo akunena mwachikondi inde koma kugona tsiku lonse kumafoola minofu, ndipo minofu ikafooka ngakhale kusesa kumene kumakhala chintchito, mutopa mugonanso, basi zizingozungulira choncho.

Pomwe munalakwitsa ndi pa mphindi 40 zija. Ambiri amatero, tsiku lomwe adzuka bwinoko amafuna kubweza ngongole ya mwezi wonse kenako thupi limawalipiritsa. Yambani ndi kuyenda mphindi 10 zokha pa nthawi yomwe mumakhala ndi mphamvuko, musiye musanatope, ee musanatope, ngakhale mtima ukuti pitiriza. Mawa lake mukadzuka bwinobwino ndiye kuti mulingo ndi umenewo, pakatha sabata onjezerani mphindi ziwiri kapena zitatu. Liwiro lake likhale la ndawala yoti mukutha kucheza ndi mnzanu koma kuimba nyimbo kukukanikani. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azikwanitsa mphindi 150 pa sabata, komanso masiku awiri olimbitsa minofu, koma uko nkomwe mukupita, musayambire pamenepo. Zolimbitsa minofuzo sizilira jimu, kukhala pampando nkuimirira ka 10, kukankha khoma ndi manja, zakwana.

Musanayambe kafunseni adokotala kuti chiwindi chanu chili pati. Ngati chinauma nkuchita zipsera, chomwe amati cirrhosis, kunyamula zitsulo zolemera mobanika nkoopsa chifukwa mitsempha ya kummero imakhala yotupa ndipo itha kuphulika, komanso kapamba akatupa masewero ogundana ngati mpira ayi. Maso akachita chikasu, thupi likatentha, mimba kapena miyendo ikatupa, mafizo aime kaye. Kusanza magazi kapena chimbudzi chakuda bii, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.

Muwauzenso za kutopaku, osamangonamizira chiwindi chilichonse, kuchepa magazi, chithokomiro, kusowa tulo ngakhale nkhawa zimatopetsanso ndipo zili ndi chithandizo chake.

Mowa ndiye musauyandikire, ndipo timaufa ndi timapiritsi tokuzira minofu tomwe amatsatsa pa intaneti tisiyeni, tina timavulaza chiwindi cha munthu wabwinobwino, nanji chanu. Za kupatsira anzanu musade nkhawa, hepatitis B sayenda m'thukuta, mukangodzicheka phimbani bala ndi pulasitala. Bambowo atengeni muziyenda limodzi, aziona okha kuti mukubwerako wamoyo.