Kwa Azakhali, za nyumba ya Doria Pamphilj ku Rome

Azakhali, mwaswera bwanji? Ndamva funso lanu lija, loti masana amene gulu la mpingo lidzakhale lopanda pologalamu ku Rome, kodi mungakaone nyumba ya Doria Pamphilj, nyumba yaikulu yakale yoonetseramo zithunzi zojambula pamanja. Eya, pitani ndithu, koma mupatule maola awiri.

Ili pamsewu wa Via del Corso, nambala 305. Kuchokera ku Termini, siteshoni yaikulu ya sitima, kwerani basi 40 kapena 64, mukatsike pa Piazza Venezia, n'kuyenda pansi mphindi zisanu basi. Tikiti muidinditse m'kamakina mukangokwera, apo ayi akakupezani n'chindapusa. Chikwama chikhale kutsogolo, mu 64 opisa m'matumba sasowa.

Ndiye chimene chimasokoneza anthu ndi ichi. Zithunzi anazipachika mothithikana mpaka kudenga, monga ankachitira eni ake kalelo, ndipo mafotokozedwe pakhoma ndi ochepa, mumangoona dzina la wojambula ndi nambala. Choncho musakane kachipangizo komvera m'khutu kofotokoza zithunzizo. Ka Chingerezi kalipo, ndipo wofotokozayo ndi wa m'banja lomwelo, poti nyumbayo ikadali m'manja mwawo. Popanda iko mungozungulira, khosi n'kuwawa, osatolapo kanthu.

Musafune kuona zonse ayi. Choyamba funsani kachipinda komwe muli chithunzi cha Papa Innocent X, wa banja la Pamphilj, amene anali papa kuyambira 1644 mpaka 1655. Velázquez anamujambula mu 1650: zovala zofiira, mpando wofiira, kalata m'dzanja, maso okuyang'anani mokayikira. Pambali pake pali mutu wa papa yemweyo wosemedwa pamwala ndi Bernini. Muime pakati, muyerekeze nkhope ziwirizo.

Kenako zithunzi za wojambula Caravaggio, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mukhalitse. Pachithunzi cha ulendo wothawira ku Iguputo, Yosefe wagwirizira pepala la nyimbo, mngelo akuimba vayolini atatipatsa msana, Maria wagona tulo mwana ali pachifuwa. Yang'anani kuseri kwa Yosefe, muona diso la bulu. Pafupi pomwepo pali chithunzi chake china cha Maria wa ku Magadala, wakhala wazyolika, mikanda yake ili pansi.

Khonde la magalasi lija, Galleria degli Specchi, la m'zaka za m'ma 1730, mudutsemo kukadali kowala, chifukwa golide wake amaoneka bwino ndi dzuwa la pamawindo.

Nsapato zikhale zofwasa, Azakhali, pokhala m'pochepa m'menemo. Komanso dzulo lake muuze mnyamata wa gulu lanuyo aone pa intaneti nthawi yotsegulira, poti masiku ena amatseka.