Timileme ta kudenga si ana a mileme yodya mango

Achimwene, mwafunsa ngati timileme timene timatuluka kudenga la tchalitchi madzulo ndi ana a mileme ikuluikulu imene ikukutherani mango kwanu ku Ngabu. Ayi, si ana ake. Kakang'onoko kanakhwima kale, kamadya tizilombo touluka, ndipo kadzakalamba kali choncho.

Ya mangoyo ili ndi banja lakelake, akatswiri amalitcha Pteropodidae. Mitundu ya mileme padziko lonse imaposa 1,400, ndipo ya banja limeneli ndi pafupifupi 200. Imapezeka ku Africa, Asia, Australia ndi pazilumba. Ku America kulibe.

Tsiku lina masana mukaime pansi pa mango anuwo, muyang'ane m'masamba. Mukaona nkhope ngati ya kagalu, maso akuluakulu, ndi timaanga toyera patsinde pa makutu, umenewo ndi wa gulu la Epomophorus. Yaimuna ili ndi timatumba pamapewa, ndipo ikamakopa yaikazi imatulutsamo ubweya woyera mbee. Kulira kuja kumene timakumva usiku wotentha, kobwerezabwereza ngati wina akugogoda kachitsulo, ndi yaimunayo. Ndili mwana ku Nsanje ndinkati ndi mbalame.

Kale akatswiri nawo ankaigawa monga mmene maso amaonera, ikuluikulu uku, ing'onoing'ono uku. Atayamba kuyeza DNA, imene imasonyeza chibale cha zamoyo, anapeza kuti ina mwa ing'onoing'ono, monga ya Rhinolophus ya mphuno zopindikapindika, ndi abale apafupi a mileme yodya zipatso kuposa mmene alili ndi timileme tinzawo. Apa ndi pamene pamandikondweretsa. Timileme tating'ono timayenda mumdima potulutsa mawu amene ife sitimva n'kumamvetsera akamabwerera. Yodya zipatso imadalira maso ndi fungo, kupatula Rousettus wa m'mapanga amene amatulutsa kaphokoso ndi lilime n'kumamvetsera kakamabwerera. Ndiye kodi makolo a mileme ya mango anali nalo luso limenelo n'kulitaya, kapena linayamba kawiri padera? Mkangano umenewu akatswiri adakali nawo. Mafupa akale a mileme amene anafukulidwa ku Wyoming, ku United States, ndi a zaka pafupifupi 52 miliyoni, ndipo nthawi imeneyo inali ikuuluka kale.

Pali winanso wamkulu, wa ubweya wonga udzu wouma, Eidolon helvum. Ameneyu amasonkhana mamiliyoni kunkhalango ya Kasanka ku Zambia kuyambira Okutobala mpaka Disembala, pamene zipatso za m'tchire zikupsa.

Ndamva ena akuti muithire mankhwala kapena muiombere ndi legeni. Chonde musatero. Maluwa a mlambe amatseguka usiku, oyera, olendewera pansi, ndipo mileme imeneyi ikamamwa timadzi take imanyamula mungu kuchoka mtengo uwu kupita wina. Malambe amene amayi akugulitsa m'mbali mwa msewu kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Bangula, mwina mileme inathandizapo. Mvunguti chimodzimodzi. Njere za nkhuyu imazimwaza kutali, m'malo amene palibe munthu angakadzale.

Za mango anuwo, thyolani akangoyamba kupsa mukavundikire m'nyumba, chifukwa mleme umatsata fungo la lakupsa. Limene lalumidwa kale musapatse ana, ndipo mleme wogwa pansi musaugwire ndi manja, umatha kukhala ndi matenda.